Ameneyu Amapanga Chiyani, Ankolo?

Katoniyo inafika pa Wenela Lachinayi lina mu Novembala 2016, itakulungidwa selotepi wambiri moti ndinachita kubwereka mpeni kwa mayi wina wogulitsa nthochi kuti ndisuzumire m'kati. Anaitumiza ndi achimwene anga amene nthawi imeneyo ankagwira ntchito yopakira katundu m'sitolo ina yaikulu ku Joni. Sitoloyo inkataya zidole pamtengo wozizira, iwo n'kuonapo mwayi. Pafoni anayankhula ngati munthu amene watola golide: "Mphwanga, izi ndi za Star Wars zenizeni, za orijino, osati zokopera zija zimathyoka mwendo tsiku lomwelo. Khrisimasi ino ukhala bwana."

Theka la mpamba anaika ndi iwowo. Theka linalo ndinabwereka ku banki m'khonde, koma poti ine m'gulumo munalibe dzina langa, anakasainira ndi mayi.

M'katonimo munali zidole 48, chilichonse m'kapepala kake kolimba, pulasitiki wowala pamwamba. Munali asilikali ovala zoyera thupi lonse, munali mkulu wina wovala zakuda wa lupanga lofiira, munalinso ena osiyanasiyana awiriawiri. Koma zidole 19 zinali munthu mmodzimodzi yemweyo: nkhope yokulunga nsalu, kungooneka maso okha, kumutu chipewa chophwatalala ngati chivindikiro cha poto, m'manja ndodo. Pakapepalapo analemba kuti Constable Zuvio.

Madzulo a tsikulo ndinaziyala pamphasa kunyumba kwathu ku Chilomoni kuti ndiwerenge bwino. Mwana wa achemwali, amene anali ndi zaka 7, anatola Zuvio mmodzi, n'kumutembenuza uku ndi uku, kenako anafunsa: "Ankolo, ameneyu amapanga chiyani?"

Ndinati ndi wapolisi.

"Amagwira ndani?"

Apa ndiye ndinakakamira. Ndinati ndimuyankha mawa. Usiku womwewo ndinapita kwa mnzanga wobena mafilimu, anandiikira The Force Awakens m'fulashi, ndinaionera palaputopu yobwereka mpaka kumapeto. Zuvio sindinamuone. Ndinaganiza kuti mwina ndinasinza penapake, ndiye ndinaibwerezanso mawa lake ndili ndi tiyi m'manja, maso ali tong'o. Palibe. Wapolisiyo sanagwire munthu, sanayankhule, sanathamange n'komwe.

Masabata atatu otsatira ndinakhala ku Limbe pabenchi ya mnzanga wogulitsa makava a foni, amene anandigawira kona. Ndinagulitsa zidole 11. Asilikali oyera aja anapita chifukwa msilikali ndi msilikali basi, mwana safuna kumufotokozera. Wa lupanga lofiira uja anapitanso. Zuvio sanapite ngakhale mmodzi. Chimene chinkandiwawa kwambiri n'chakuti pafupi ndi ine panali mnyamata wina wogulitsa ma Spider-Man okopera, ena obiriwira, ena maso opentedwa pamphumi, komanso ma John Cena amene nkhope zawo sizinkafanana ndi John Cena ngakhale pang'ono. Iyeyo ankapita kukapikula kawiri pasabata. Ana ankakoka madiresi a amayi awo akulozera kwa iye, ine wa orijino ndili phee ngati ndikugulitsa mankhwala a makoswe.

Nthawi imeneyo ndinkati vuto ndi a Malawi, sadziwa zinthu zabwino. Patapita zaka ndi pamene ndinayamba kuwerenga za nkhaniyi paintaneti, poyamba chifukwa cha mkwiyo, kenako chifukwa inandikoka. Ndinapeza kuti Zuvio anakanika kugulitsidwa ku America komwe, kwawo kwa filimuyo. Anthu osonkhanitsa zidole kumeneko ali ndi dzina la chidole chotere, amati peg warmer, kutanthauza chidole chimene ntchito yake n'kungofunditsa kachitsulo kopachikapo katundu m'sitolo. Zuvio ndi mmodzi mwa mafumu awo. Katoni yanga ija inali kumchira kwa ulendo wautali wa katundu wokanidwa: anamukana kumene anamupangira, Joni inamutsitsa mtengo, kenako anadzagwera m'manja mwa munthu wa ngongole ya banki m'khonde.

Chinachitika n'chosavuta kumva. Chidole cha filimu chimayamba kupangidwa filimuyo isanathe. Kampani ya zidole, kaya ndi Hasbro kaya Mattel, imalandira zithunzi za anthu a m'filimu ndi zovala zawo kudakali chaka kapena kupitirira apo. Wosema aseme, eni filimu avomereze, kenako kufakitale, kawirikawiri ku China, asule zikombole zothiramo pulasitiki wosungunuka. Musaganize za chikombole cha njerwa chija timakhoma ndi matabwa ndi misomali inayi. Ichi n'chachitsulo, cholemera, chodula, ndipo akachisula palibenso zoti pepani tasintha maganizo. Zidolezo zipentedwe, zipakidwe, zikwere sitima yapamadzi masabata angapo, zifike m'masitolo filimu isanayambe kuonetsedwa. Nthawi yonseyi wopanga filimu ali m'chipinda chake akudula apa, akuchotsa apo. Zidole za The Force Awakens zinatuluka pa 4 Seputembala 2015, tsiku limene analitcha Force Friday, pamene filimu inatuluka pakati pa Disembala. Zuvio anayenera kukhala wapolisi wa kamsika kena pa dziko lamchenga lotchedwa Jakku. Podula filimu mbali yake inatayidwa. Anthu oleza mtima kuposa ine anaimitsa filimuyo chithunzi ndi chithunzi n'kumupeza akudutsa chakumbuyo kwa kamphindi kochepa kuposa kuphethira. Koma pulasitiki anali atathiridwa kale.

Palinso kachinthu kena kamene kanandifotokozera chifukwa chake ndinali ndi ma Zuvio 19. Sitolo sioda chidole chimodzichimodzi. Imaoda katoni yosakaniza, ndipo chiwerengero cha aliyense m'katonimo chimasankhidwa ndi kampani, miyezi yambiri anthu asanaone filimu. Otchuka amatha tsiku loyamba. Otsalawo amakhala. Katoni ina ikabwera, otchuka aja amathanso, otsala aja n'kuwonjezekera. Pakapita nthawi shelefu yonse yadzaza munthu mmodzi, kompyuta ya sitolo ikuonetsa kuti katundu alipo wambiri, ndiye saodanso. Mwana amene akufuna ngwazi yake saipeza, sitolo ikuti zidolezi siziyenda, kampani ikuti anthu sakuzifuna. Chidole chimodzi chosafunika chimatha kutseka njira ya anzake onse, ngati minibasi yofera pamlatho.

Ndiye n'chifukwa chiyani makampani amapitirizabe juga imeneyi? Yankho lili mu 1977. Star Wars yoyamba itatuluka pa 25 Meyi chaka chimenecho, palibe ankayembekeza kuti ingakhale chimene inakhala. Kampani ya Mego, imene inali patsogolo pa zidole zotere, inali itaukana mwayiwo, n'kupita kwa Kenner ya ku Cincinnati. Khrisimasi inafika Kenner ilibe chidole ngakhale chimodzi chokonzeka. Mukudziwa chimene anachita? Anagulitsa envelopu ya katoni yopanda chidole, m'kati muli kapepala kolonjeza kuti chaka chamawa adzakutumizirani zidole zinayi: Luke, Leia, Chewbacca ndi R2-D2. Makolo anagula. Ana a ku America anatsegula mphatso ya Khrisimasi n'kupezamo lonjezo, ndipo anasangalala nalo. Kuyambira 1978 mpaka 1985 Kenner inagulitsa tizidole timeneti mamiliyoni mazanamazana, ndipo George Lucas, amene anachenjera n'kusunga ufulu pa malonda otere, analemera nato.

Kwa ine phunziro la nkhani imeneyi lili poyera. Anawo anali ataonera kale filimu, ena kangapo, ndipo nkhani inali ikuwira m'mitu mwawo miyezi isanu ndi iwiri. Njala inabwera kaye, chakudya pambuyo. Koma a malonda anamva zosiyana. Iwo anamva kuti: tsiku lina tisadzapezekenso opanda katundu. Kuyambira pamenepo akhala akuphika nsima alendo asananene kuti abwera.

Phwando lalikulu la nsima yotsala linachitika mu 1999. Star Wars inkabwerera patapita zaka 16, ndi The Phantom Menace. Hasbro, imene inali itameza Kenner, inalonjeza Lucas ndalama zankhaninkhani kuti ipatsidwe chilolezo, ndalama zoti ilipire kaya zidole zayenda kaya ayi. Apa pali msampha wina: ukalonjeza zambiri, uyenera kupanga zambiri kuti ubweze. Pa 3 Meyi masitolo a Toys "R" Us anatsegula pakati pa usiku, akuluakulu a ndevu zawo ali pamzere kudzaza matolole ndi zidole za anthu amene sanawaonepo akuyenda, poti filimu inali kudzatuluka pa 19. Ambiri ankagula kuti asunge, poganiza kuti zidzakwera mtengo ngati za 1978 zija. Koma za 1978 zinakwera mtengo chifukwa ana anaziseweretsa mpaka kuzithyola, zosatsegula n'kutsala zochepa. Aliyense akasunga, palibe chimasowa. Filimu inapanga ndalama zambiri ndithu, ndipo zidole zinagulidwa zambiri, koma zopangidwa zinali zambiri kuposa pamenepo. Jar Jar Binks, amene eni ake ankaganiza kuti ana adzamukonda koposa, anasanduka munthu wodedwa, n'kudzaza mabasiketi a katundu wotsitsidwa mtengo. Chaka cha 2000 Hasbro inatseka mabuku italuza. Kampani ya mabuku ya ku Britain, Dorling Kindersley, inasindikiza mabuku a Star Wars 13 miliyoni n'kugulitsa 3 miliyoni okha, ndipo chaka chomwecho cha 2000 inagulidwa ndi Pearson. Nditawerenga zimenezi ndinadzimvako bwino pang'ono. Ine ndinagulitsa 11 pa 48, iwo 3 pa 13. Tili kalasi imodzi, aise.

Njira zolepherera zilipo zambiri, ndipo zina n'zoseketsa. Mu 1998 eni filimu ya Godzilla anabisa maonekedwe a chilombocho mpaka tsiku lotulutsa filimu, moti kampani ya Trendmasters sinkaloledwa kuonetsa chidole chake chachikulu nthawi imene chidwi cha anthu chinali pamwamba. Chinsinsi chitaululika, anthu anati ameneyu si Godzilla, ndi buluzi wamkulu chabe. Kampaniyo inadzatsekedwa patapita zaka zochepa. Mu 1984 kampani ya LJN inapanga zidole za Dune ya David Lynch, filimu yamdima, yovuta kutsatira ngakhale kwa munthu wamkulu. Chimodzi mwa zidolezo chinali Baron Harkonnen, bambo wonenepa wa zithupsa kumaso. Ndimayesa kuganiza mayi amene anaima m'sitolo n'kunena kuti eya, mwana wanga ndimugulire wa zithupsayu. Ndipo mu 1991, pa Robin Hood ya Kevin Costner, Kenner sinafune n'komwe kuwononga ndalama pa zikombole zatsopano zambiri. Inatenga zakale. Mudzi wa ma Ewok wa mu Star Wars unapakidwa masamba n'kukhala nkhalango ya Sherwood, ndipo Friar Tuck anapatsidwa thupi la mlonda wina wankhope ya nkhumba wa mu Return of the Jedi, kungosintha mutu. Munthu wa Mulungu pathupi la nkhumba.

Mbali inayo ya juga imapwetekanso. Toy Story itatuluka mu 1995, makampani akuluakulu anali ataikana, chilolezo n'kupita kwa kampani yaing'ono ya ku Canada, Thinkway. Buzz Lightyear anasowa m'masitolo, makolo akuzungulira tauni yonse. Ndipo m'chaka cha Zuvio chomwecho, munthu amene filimu yonse inazungulira pa iye anali mtsikana, Rey, koma ana ambiri amene anatuluka mu kanema akumufuna anavutika kumupeza. Monopoly ya Star Wars imene Hasbro inatulutsa inali ndi Luke, Finn, Darth Vader ndi Kylo Ren, Rey mulibe. Anthu anakwiya pa Twitter, kampani n'kunena kuti inkaopa kuulula nkhani. Kaya. Ine ndimaona kuti penapake panali munthu amene anali atatsimikiza kale kuti anyamata sagula chidole cha mtsikana. Taganizani: ngwazi ya filimu kusowa, wapolisi wosagwira ntchito ali mbwee.

Koma pa zifukwa zonsezi, chimene ndimachikhulupirira kwambiri ndi cha nthawi, ndipo ndinachimvetsa pokumbukira ubwana wanga. Filimu imakhala m'nyumba zoonetsera kanema masabata ochepa. Mwana amaionera kamodzi, maola awiri, Loweruka lina, kenako Loweruka linalo kwabwera ina ndi zidole zakenso. Sitolo nayo sidikira, malo a pashelefu ndi ndalama. Yerekezani ndi He-Man. Mattel inatulutsa chidolecho mu 1982, makatuni ake n'kuyamba pa TV mu 1983, tsiku lililonse la sukulu ana akaweruka, magawo 130 onse pamodzi. Ninja Turtles ndi Power Rangers anayenda njira yomweyo ya pa TV. Mwana akamakumana ndi munthu tsiku ndi tsiku amadziwa mayankhulidwe ake, mdani wake, chimene amachita akapanikizika. Akagwira chidolecho m'manja, nkhani imangopitirira yokha pamene inalekera dzulo.

Ifeyo tinakula ndi mavidiyo sho. Kachipinda ka mdima, mabenchi a matabwa, sipika panja ikulira mpaka kumsika. Mafilimu ake anali omwewomwewo: Rambo, Commando, Van Damme, Jet Li, kubwereza mpaka tepi kuyamba kuonetsa mizere. Amene analibe ndalama ankamvera panja kapena kusuzumira pabowo, ndipo amene walowa anali ndi udindo wodzatifotokozera zonse, ndi manja ndi miyendo yomwe. Palibe mmodzi wa ife anali ndi chidole cha Rambo. Koma tinkang'amba kansalu n'kumanga kumutu, mfuti ya phesi la chimanga kapena ya dongo la kudambo, n'kumenyana nkhondo kuseri kwa tchalitchi mpaka kuitanidwa kukadya. Munthu akanabwera nthawi imeneyo ndi katoni ya ma Rambo, ngakhale opindika mphuno, tikanaba ndalama ya chigayo kuti tigule. Mnyamata wa ma John Cena uja ku Limbe ankagulitsa chimenechi. Ana anali atamuonera John Cena sabata ndi sabata, ankadziwa mmene amagwedezera dzanja kumaso. Pulasitikiyo inkangokhala chogwirira. Ine ndinali ndi pulasitiki yabwino kwambiri m'tauni yonse, yopanda kanthu kumbuyo kwake.

Masiku ano zinthu zafika povutirapo. Mwana amene kale akanalirira chidole pano akulirira foni ya mayi ake kuti asewere gemu. Toys "R" Us, sitolo imene inkapereka makoma athunthu ku filimu imodzi, inatseka masitolo ake ku America mu 2018. Ndipo mliri wa Covid unaonetsa poyera mmene chingwe chomangira chidole ku filimu chilili chowonda: zidole za Black Widow ndi za Minions zinafika m'masitolo mu 2020 monga mwa pangano, mafilimu ake n'kusunthidwa, ina kupita 2021, inayo 2022. Zidole zinakhala pashelefu kudikira nkhani yawo ngati mkwatibwi amene mkwati wake basi yamufera panjira. Ogula okhulupirika amene atsala ambiri ndi akuluakulu, aja anali ana mu 1980, ndipo iwo safuna munthu watsopano. Amafuna Darth Vader wina, wachikhumi, woti asamutsegule.

Kunyumba nkhani inatha motere. Banki m'khonde imagawana ndalama mu Disembala, ndipo ngongole zonse ziyenera kubwezedwa kaye. Ine ndinalibe yokwanira. Anadula pa masheya a mayi, ndalama imene iwo ankawerengera kuti agulire feteleza wobereketsa. Sanandikalipire. Anangoti, "Bambo, geni imafuna kufunsa kaye," n'kupitiriza kusankha nyemba. Ndikanakonda akanandikalipira. Chaka chimenecho kumunda kwathu ku Lunzu anathira thumba limodzi m'malo mwa awiri, ndipo ine ndinamaliza kuwabwezera mu Epulo, chimanga chitacha kale mmene chinachera.

Zidole zotsalazo ndinazigawa. Zina kwa ana a Sande sukulu, zina kwa ana a maneba, moti kwa kanthawi mdera lathu munali apolisi ambiri a ku Jakku kuposa apolisi enieni. Mwana wa achemwali anatenga awiri. Tsiku lina ndikuchokera kuntchito ndinamupeza pabwalo akuyendetsa galimoto yake yamawaya. Zuvio mmodzi anali atamumangirira pakhomo la galimotoyo ndi mphira, thupi lili panja, dzanja lili m'mwamba. Ndodo ija anali atataya kalekale. Mwanayo ankakuwa ndi mawu okhuthala, "Limbe! Limbe! Mmodzi wotsala!" Ndinamufunsa kuti nanga chipewacho n'chachiyani. Anandiyang'ana ngati ndine wopepera. "N'cholandirira ndalama, ankolo. Akavula."

Pano mnyamatayo ndi wamtali kundiposa ndipo zimenezi sazikumbukira, kapena amanamizira. Zuvio mmodzi ndinamusunga osatsegula, ali m'sutikesi pamodzi ndi masatifiketi anga. Mwezi wathawu ndinayang'ana pa eBay kuti ndione ngati wakwera mtengo. Sanakwere. Ndinajambula tsambalo n'kutumizira achimwene pa WhatsApp. Anaona uthengawo nthawi yomweyo, anakhala masiku awiri osayankha, kenako anatumiza voisi noti ya masekondi asanu ndi limodzi: "Sunga mphwanga, zinthu izi zimafuna kudekha. Koma tamvera, kuno akutsitsa mtengo ma air fryer."